Kusintha mtundu wa wulu ndi ufa wa zakumwa

Ufa wa zakumwa wa m'timapaketi, womwe ana amasungunula m'madzi n'kufiiritsa lilime, ungathenso kusintha mtundu wa wulu. Oluka a ku America amagwiritsa ntchito kwambiri Kool-Aid, chakumwa chimene Edwin Perkins anayambitsa ku Hastings, m'chigawo cha Nebraska, mu 1927. Muli zinthu ziwiri zofunika pa ntchitoyi: utoto wa zakudya ndi citric acid, asidi wowawasa yemwe amapezekanso m'mandimu. Asidiyu akakumana ndi kutentha, utoto umakakamira pa ulusi osachokanso.

Koma musanagule paketi ngakhale imodzi, dziwani kaye ulusi umene muli nawo, pakuti apa ndi pagona nkhani yonse. Utoto umenewu umagwira ubweya wa nyama, monga wa nkhosa ndi wa alpaca, komanso silika ndi nayiloni. Pa thonje sugwira, pa acrylic sugwira. Ndipo wulu wambiri amene timalukira zipewa ndi masokosi a makanda ndi acrylic, ngakhale timangomutchula kuti wulu. Dulani kachidutswa, mukayatse ndi machesi pa mbale. Ubweya weniweni umanunkha ngati tsitsi lopsa ndipo umasiya phulusa lofumbutuka mukalitikita. Acrylic amasungunuka n'kusanduka kampira kolimba kakuda. Ngati ubweya ukusowa m'sitolo, funani juzi yoyera ya ubweya pa kaunjika, muichape, muimasule.

Paketi ikhale yopanda shuga, chifukwa shuga amanyatitsa ulusi. Pa mpira wa ulusi wa magalamu 100 konzani mapaketi atatu kapena anayi a Kool-Aid. Mukachepetsa, mtundu umatuluka wotuwirapo. Ufa wina wosakhala Kool-Aid uyeseni kaye pa kachidutswa.

Zengani ulusiwo kumsana kwa mpando kuti ukhale nkhata yaitali, ndipo muumange malo anayi. Musathinitse pomanga, apo ayi utoto sulowa ndipo pamatsala timizere toyera. Unyikeni m'madzi ofunda kwa mphindi 30 mpaka unyowe ndi mkati momwe.

Valani magolovesi, chifukwa khungu ndi zikhadabo nazonso zimagwira utotowu. Sungunulani ufa wonse m'poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, ndi madzi okwanira kumiza ulusi. Kuchuluka kwa madzi sikusintha mtundu. Chomwe chimasintha ndi kuchuluka kwa ufa poyerekeza ndi ulusi. Finyani nkhata ija pang'ono, muiike m'poto, muteleke pa moto wochepa. Ngati ndi pa mbaula, phulaniko makala ena.

Madzi atenthe mpaka kutulutsa nthunzi, koma asawire. Ndikukupemphani, manja akhale kutali ndi mthiko. Ubweya uli ndi timamba ting'onoting'ono tomwe timakolana ukamatakasidwa m'madzi otentha, ndipo zikatero ulusi umaumbika kukhala chigamba chimodzi chosamasulika. Kungoukankhira pansi pang'onopang'ono ndi supuni n'kokwanira.

Tsono yang'anani madziwo. Pakatha mphindi 20 kapena 30, madzi aja ofiira amayera, mtundu wonse utasamukira mu ulusi. Nthawi zina amatsala otuwa ngati mwagwera dontho la mkaka, zimenezo zisakudetseni nkhawa. Akakana kuyera, thiranimo supuni ziwiri za viniga woyera, mudikire. Ufa wa mphesa uli ndi khalidwe lake: muli utoto wofiira ndi wabuluu, wofiirawo umathamanga kulowa, choncho ulusi umatuluka wamawangamawanga. Ine ndimaukonda choncho, makamaka pa mpango wa m'khosi.

Phulani poto, musiye azizire yekha, ulusi uli momwemo. Kuuthira madzi ozizira udakali wotentha kumauwononga. Ukazizira, utsukuluzeni m'madzi ozizira chimodzimodzi mpaka asiye kutulutsa mtundu, muufinye m'thaulo osaupotokola. Uyanikeni pa mthunzi, chifukwa utoto wa zakudya umasuluka ndi dzuwa lamphamvu. Chovala mukachiluka, muzichichapa pamanja ndi madzi ozizira.