Kumanja Kapena Kumpoto? Chiyankhulo ndi Kakumbukiridwe ka Malo

Mchewa akamalozera mnzake chikho cha madzi amati chili kumanja kapena kumanzere kwake. Ambirife timayesa kuti anthu onse amatero, koma si choncho. Nkhani ino iunika ziyankhulo ziwiri zomwe sizidalira manja a woyankhula pofotokoza malo.

Choyamba ndi Guugu Yimithirr cha ku Hopevale, m'chigawo cha Queensland ku Australia. Eni ake amatchula mbali zinayi za dziko ngakhale pa tinthu tating'ono, monga kunena kuti nyerere ili kumpoto kwa phazi lako. Woyankhula chonchi ayenera kudziwa komwe kuli kumpoto nthawi zonse, ngakhale m'nyumba yachilendo. Chachiwiri ndi Tzeltal cha ku Tenejapa, ku Mexico. Dera lawo ndi lotsetserekera kumpoto, motero kumwera amati kumtunda ndipo kumpoto amati kumunsi, ngakhale ataima pachidikha.

Stephen Levinson ndi anzake a ku Max Planck Institute, ku Nijmegen, anafuna kudziwa ngati zimenezi zimafika m'maganizo. Ankandanda tizidole titatu tanyama patebulo kuti munthu atiyang'anitsitse. Kenako ankamutembenuza kuti apenye komwe kunali kumbuyo kwake, n'kumuuza kuti atindandenso patebulo lina monga tinalili. Anthu ambiri a ku Netherlands ankasunga manja: tizidole tikaloza kumanzere poyamba, ankatilozetsanso kumanzere. Ambiri a ku Tenejapa ankasunga mbali ya dziko: toloza kumunsi tinkalozabe kumunsi. Ntchitoyi sinkafuna kuyankhula, ndipo apa ndi pamene pagona mfundo ya buku la Levinson la mu 2003, yakuti kakumbukiridwe kamatsata chiyankhulo.

Peggy Li ndi Lila Gleitman anatsutsa izi mu 2002. Atayesa ophunzira oyankhula Chingerezi ku Pennsylvania, anapeza kuti akakhala panja kapena poona kunja pazenera, ena ankandanda ngati a ku Tenejapa. Kwa iwo, chachikulu ndi malo omuzungulira munthu. Ine ndikuona kuti ku Tenejapa ziwirizi n'zovuta kuzilekanitsa, poti phiri lomwe linabala mawuwo ndi lomwenso anthu amakwera tsiku ndi tsiku.

Chichewa chingathandize pamkanganowu. Mawu akuti kumpoto ndi kumwera ndi a mphepo za mpoto ndi mwera, zomwe msodzi wa ku Nkhotakota amazitchera khutu asanakankhe bwato. Wophunzira wokulira mumzinda wa Blantyre amangowamva m'kalasi ndi pawailesi. Onsewa amayankhula chiyankhulo chimodzi, choncho atati ayesedwe ndi tizidole tija n'kusiyana pondanda, kusiyanako sikungachokere ku galamala.