Kalavati Imatetezedwa Kumtunda

Taphunzira kale kuti Bahá'u'lláh amaiona ntchito yogwiridwa ndi mtima wotumikira ena ngati kupembedza Mulungu. Lero tiyese chiphunzitsochi pa chinthu chomwe timadutsapo tsiku ndi tsiku osachiganizira: kalavati ya pamsewu wathu.

1. Vuto lake

Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atawomba kummwera kwa Malawi, anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo misewu ndi milatho yambiri inakokoloka. Mu 2022 kunali Ana, mu 2019 kunali Idai. Asayansi anapeza kuti mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasunga chinyezi chowonjezera pafupifupi 7 pa 100 iliyonse. N'chifukwa chake mvula yambiri ikumagwa pa kanthawi kochepa, pamene makalavati ambiri anawayeza potengera mvula ya kale. Kalavati ikaduka, mayi woyembekezera safika kuchipatala, ana sawoloka kupita kusukulu, ndipo zokolola zimatsakamira kumudzi.

2. Imawonongeka bwanji?

Choyamba, mchenga, mapesi, nthambi ndi mapulasitiki zimatseka kukamwa kwake. Chachiwiri, madzi akasowa podzera amasefukira pamwamba pa msewu n'kuudya. Chachitatu, madzi otuluka mwaliwiro amakumba pansi kumene akugwera, mpaka paipi imatsala lende n'kuthyoka.

Tizindikire kuti madzi ndi mchengawo siziyambira pamsewu. Zimachokera kuminda, kumapiri ndi m'zigwembe za kumtunda. Nthaka ikakhala yambee, madzi salowa pansi, amangothamanga onse pamodzi kukakumana pakalavati.

3. Zomera zimathandiza bwanji?

Cholinga n'chakuti madzi afike pang'onopang'ono, atasiya dothi m'mbuyo.

Kuminda tilime mizere yopingasa motsatira akalozera, ndi kubzala udzu wa vetiva m'akalozeramo. Mbewu zake zitalikirane masentimita 10 mpaka 15, ndipo tibzale mvula ikangoyamba. Mizu yake imatha kulowa pansi mamita 2 kapena 3, ndipo ukakula umakhala ngati mpanda wosefa matope.

M'zigwembe titchinge ndi miyala kapena zikhomo zolukidwa ndi nthambi, kuyambira kumutu kwa chigwembe kutsika nacho. Mchenga ukaunjikana kuseri kwa tchingalo, tibzalepo nsenjere kapena nsungwi.

M'mbali mwa mtsinje tisalime mpaka kugombe. Tisiye bango ndi mitengo yokonda madzi monga mkuyu ndi katope. Madambo tisawaumitse, chifukwa amasunga madzi n'kumawatulutsa pang'onopang'ono.

Kumene madzi amatulukira tiyale miyala ikuluikulu ndi kubzala vetiva m'mbali. Koma mitengo ikuluikulu isakhale pafupi ndi khoma la kalavati, poti mizu yake imang'amba simenti.

Zomera sizilowa m'malo mwa akatswiri. Ngati paipi ndi yaing'ono, oyenera kuyeza ndi kuika ina ndi mainjiniya a khonsolo. 'Abdu'l-Bahá anaphunzitsa kuti chipembedzo ndi sayansi ziyenera kuyendera limodzi, choncho tifunse alangizi a zaulimi ndi a zankhalango tisanayambe.

4. Phunziro lake kwa ife

Apa pali chovuta chimodzi. Wobzala vetiva kumtunda mwina sadutsa pakalavatipo, ndipo wovutika kumunsi alibe munda kumtunda. Kodi wakumtundayo adzivutitsirenji? N'zoona kuti akusunga chonde cha munda wake, koma palinso chifukwa chachikulu. Chikhulupiriro chathu chimafanizira mtundu wa anthu ndi thupi limodzi: chiwalo chimodzi chikadwala, thupi lonse limamva ululu. Ntchitoyi siingatheke popanda kukambirana moona mtima, mosalozana zala, pamodzi ndi mafumu ndi anansi athu a mipingo yonse.

Mafunso okambirana

a) Ndi makalavati ati m'dera lathu omwe amatsekeka chaka ndi chaka?
b) Madzi ake amachokera m'minda ya ndani, ndipo tingawafikire bwanji eni ake mwaulemu?
c) Achinyamata achisodzera angatengepo gawo lanji?

Chochita

Loweruka likudzali tikumane pakalavati imodzi. Titsatire njira ya madzi wapansi kukwera kumtunda, tikulemba pomwe pali chigwembe ndi pomwe nthaka ili yambee. Pobwerera tichotse zinyalala kukamwa kwake. Zomwe tapeza tikazipereke kwa amfumu komanso pa Phwando la Masiku 19, mvula isanayambe.