Cidole m'Kalasi ya Zinenero Ziwiri: Cogula ndi Cosoka Tokha

Mwana wa zaka 6 akamalowa m'kalasi yoyamba amabwera ndi cuma cambiri ca mawu. Amadziwa kulonjera akulu, kufotokoza kumene mbuzi zalowera, kutsutsana ndi mnzake pa masewera a phada, ngakhale kumasulira ndagi za agogo ake. Koma mphunzitsi akangomuloza kuti ayankhe, cuma conseco cimabisala, mwana n'kuweramitsa mutu. Sikuti sadziwa ayi. Kwathu kuno mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso, ndipo saculukitsa mawu pamaso pake. Cidole covala kudzanja, cimene pa Cipwitikizi amati fantoche, cimamasula lilime lomangikali cifukwa ico si munthu wamkulu. Mwana akhoza kuciseka, kucitsutsa ndi kucikonza cikalakwitsa, popanda kuopa kuti wacita mwano.

Kuyambira pa nchito yoyesera ya PEBIMO, imene inacitika kuyambira 1993 mpaka 1997 m'Cinyanja ku Tete ndi m'Xichangana ku Gaza, kufikira pamene maphunziro a zinenero ziwiri analowa m'sukulu za boma mu 2003, dandaulo limene silinathe pakamwa pa aphunzitsi ndi la kucepa kwa mabuku ndi zipangizo. N'cifukwa cake diso lathu limakopeka tikaona pa Facebook kapena pa WhatsApp zithunzi za zidole zosokedwa pamanja, zamitundu yowala, pa mtengo wooneka wotsika. Timalipira pa M-Pesa kapena pa e-Mola, katundu n'kubwera pa basi. Koma ndalamayo, kaya yacokera m'thumba la ADE kaya m'malipiro a mphunzitsi mwini, siibwera kawiri. Cidole cikang'ambika mwezi woyamba, ana atacizolowera kale ndi kucipatsa dzina, tataya ndalama pamodzi ndi mnzathu wophunzitsa naye.

Nsalu ndi msoko

Zidole zambiri zochipa amazipanga ndi nsalu ija ochedwa feltro. Nsalu imeneyi siyolukidwa. Ndi ubweya kapena ulusi wa pulasitiki wopanikizidwa pamodzi. Osoka amaikonda cifukwa akaidula siyoyoka m'mphepete, motero nchito imafulumira. Vuto lake n'lakuti ikakhala yopyapyala imatanuka pamene zala zimakankha, imacita timibulu, ndipo imang'ambika motsatira mzere wa singano. Tikaiyang'anitsa kudzuwa n'kuona kuwala kukudutsa m'malo ena, tidziwe kuti masiku ake ndi owerengeka. Nayo siikonda madzi: yaubweya weniweni imafupika ikacapidwa, yapulasitiki imataya maonekedwe. Tsono cidole ca m'kalasi cimamwa thukuta la m'manja, fumbi la coko ndi mamina a ana ambirimbiri. Cidole cosacapika sicingakhale cipangizo ca sukulu.

Nsalu yathonje yolukidwa, monga kapulana wabwino, imapirira sopo ndi dzuwa. Feltro tingamulole pa makutu, lilime kapena nsidze, koma thupi likhale la nsalu yolukidwa, ndipo mkati mukhale nsalu ina yaciwiri yoteteza msoko ku zikhadabo. Za utoto tiyese motere: tinyowetse kansalu koyera n'kupukuta nako pa cidole. Kakasintha mtundu, utotowo udzathera m'manja ndi m'kamwa mwa ana.

Cimene cithunzi ca wogulitsa sicionetsa ndico cofunika koposa, ndiye kuti mkati. Tisanatumize ndalama, tipemphe wogulitsa atembenuze cidole kunja kukhale mkati, acijambule. Pamenepo tidzaona ngati zidutswa zinasokedwa kapena zinangomatidwa ndi guluu wa pulasitiki uja amasungunula ndi kamakina ka magetsi. Guluu ameneyu amagwira msanga, koma amafewa kukatentha ndipo amakanganuka pa malo opindika kawirikawiri. Mu mzinda wa Tete ndi m'cigwa ca Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo m'kabati ya m'cipinda cofolera malata mumatentha koposa pamenepo. Msoko wabwino ndi wa makina kapena wapamanja wobwerera m'mbuyo, wa timiyendo tifupitifupi, wosiya nsalu yokwanira sentimita imodzi kuseri kwake, wobwerezedwa m'khwapa ndi m'ngodya za kamwa. Wogulitsa wodziwa nchito yake sakana kuonetsa mkati. Amene azengereza watiyankha kale.

Kamwa, maso ndi za m'mimba

Moyo wa cidole uli pakamwa. Mkati mwa kamwa amaikamo cinthu colimba kuti zala zipeze pogwira, ndipo pa zidole zochipa cinthuco cimakhala katoni. Katoni akamwa thukuta amafewa, kamwa n'kupotoka. Ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene cinyezi ca m'dzinja cimakhalitsa, amacitanso nkhungu. Cabwino ndi pulasitiki wodulidwa ku cigubu ca mafuta ophikira, wosalazidwa m'mphepete ndi kukutidwa ndi nsalu. Tipemphe kanema wamfupi woonetsa kamwa likutseguka ndi kutsekeka. Likhale lofewa kotero kuti dzanja silitopa m'mphindi khumi za nthano.

Maso omata, mabatani ndi mikanda zimakongoletsa, koma ndizo zimayamba kuthothoka, ndipo mwana akatola kanthu kowala amakaika m'kamwa kapena m'mphuno. Malamulo a ku Ulaya a zoseweretsa, ochedwa EN 71, saloleza tizidutswa tating'ono pa zoseweretsa za ana osakwana zaka 3, ndipo amayesa ndi kacitini kotambalala pafupifupi mamilimita 32: ciliconse cothothoka cimene calowa conse m'menemo cingatsamwitse. Cizindikiro ca CE cimene timaciona pa katundu wina ndi lonjezo la wopanga mwini kuti watsata malamulowo, ndipo osoka pakhomo ambiri alibe n'komwe. Wina anganene kuti ana athu ndi a zaka 6. Inde, koma bwalo la sukulu ya kumudzi silisowa makanda obwera kumsana kwa amayi awo kapena otsatira akulu awo. Maso osokedwa ndi ulusi, kapena a nsalu yoyera ndi yakuda yosokereredwa mwamphamvu, amathetsa nkhawa yonseyi. Akhalenso aakulu, pakuti mwana wokhala pansi kumbuyo kwa kalasi yodzaza amaona maso ndi kamwa zokha.

Za m'mutu ndi m'mimba ticenjere ndi ziwiri. Siponji yochipa imafumbutuka ikakalamba, n'kusanduka ufa. Mbewu, monga nyemba, mpunga kapena cimanga, zimene ena amathiramo kuti cidole cilemere, zimaitana anankafumbwe ndi makoswe. Tizidutswa ta nsalu tocapa bwino tikwanira.

Pomaliza pa zogulazi, cithunzi cimanamiza pa kukula. Cidole cooneka cacikulu pafoni cikhoza kufika cili ca cala cimodzi. Tiyeze dzanja lathu ndi rula, m'litali ndi m'lifupi, ndipo tifunse miyeso m'masentimita.

Nkhope imene ikulankhula

Tsopano tifike pa nkhani imene ikutikhudza ife monga aphunzitsi a zinenero ziwiri, imene wogulitsa sangatiganizire. M'makalasi oyamba ana amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi masamu m'Cinyanja, pamene Cipwitikizi amayamba kuciphunzira pakamwa, pomva ndi poyankhula, cisanadzakhale cinenero cophunzitsira m'makalasi apamwamba. Njira imodzi yothandiza ndiyo kukhala ndi zidole ziwiri, cina colankhula Cinyanja cokha, cina Cipwitikizi cokha. Ana akaona caciwirico cikutuluka m'thumba amadziwa okha kuti nthawi ya Cipwitikizi yakwana, ndipo amayesetsa kucilankhula cifukwa mlendoyo samva cina. Motero zinenero sizisakanizika mwacisawawa m'kamwa mwa mphunzitsi.

Koma taonani msampha wake. Zidole zambiri zogulitsidwa pa intaneti zimatsanzira zakunja: khungu loyera, tsitsi lacikasu, zovala zokongola. Tikagula cotere n'kucipatsa Cipwitikizi, kenaka Cinyanja n'kucisiyira sokosi yakale yong'ambika, taphunzitsa phunziro limene silili m'buku lililonse. Mwana sadzalinena, koma adzalimva: cinenero ca kusukulu n'ca anthu owala ndi olemera, ca amayi ake n'ca sanza. Maphunziro a zinenero ziwiri anabwera kudzacotsa maganizo omwewa, amene makolo athu anawamva kuwawa m'sukulu za atsamunda pamene kulankhula ca kwanu kunali mlandu. Conco zidole ziwirizi zikhale zolingana ulemerero, nsalu imodzi, msoko umodzi, khungu lofanana ndi la ana amene akuziyang'ana. Wolankhula Cipwitikizi akhale mwana wa dziko lomwe lino, tinene kuti wacokera ku Beira kudzaceza kwa azakhali ake.

N'cimodzimodzi ndi kagawidwe ka nzeru. Cidole colakwitsa n'cothandiza kwambiri, cifukwa mwana akamakonza cidole amaphunzira mosacita manyazi. Koma cisakhale ca Cinyanja cokha cimene cimapusa masiku onse. Lero ca Cinyanja ciphonye kuwerenga um, dois, três. Mawa mlendo wa ku Beira anene kuti akufuna kudya pala, ana amuseke ndi kumuphunzitsa kuti ndi phala. Tsiku limenelo anawo ndiwo eni nzeru.

Citsanzo ca phalaci citikumbutse malire a cidole. Kamwa lansalu limangotseguka ndi kutsekeka; silingaonetse kusiyana kwa p ndi ph, kapena kwa k ndi kh monga mu kola ndi khola. Pophunzitsa maliwu otere cidole cipume pambali. Ana ayang'ane milomo ya mphunzitsi, aike kapepala kapena nthenga patsogolo pa kamwa lawo, aone mpweya ukuigwedeza pa phala koma osati pa pala.

Za zinyama sitinena zambiri. Kalulu, fisi, kamba ndi njovu ali kale ndi mbiri m'mitu ya ana. Kalulu akangotulukira, kalasi yonse yadziwa kuti pali ucenjezi, ndipo mawu amabwera okha. Cimbalangondo ca kumaiko a cisanu cimafuna kuyamba cafotokozedwa, nthawi n'kumatha.

Pali cina cimene mlendo sangacidziwe. M'madera ambiri a Acewa Gule Wamkulu ndi mwambo wolemekezeka, umene UNESCO inauzindikira mu 2005 monga cuma ca Moçambique, Malawi ndi Zambia. Tisapange kapena kugula cidole cofanana ndi zilombo za kudambwe. Kwa eni mwambo kutero n'kupeputsa zobisika, ndipo makolo ena a mipingo sangalole mwana wawo kukhala pafupi naco. M'midzi inanso kanthu kosokedwa m'maonekedwe a munthu kamadzutsa manong'onong'o a zithumwa. Mankhwala ake ndi apafupi: cidole cisanalowe m'kalasi cipite ku msonkhano wa bungwe la sukulu, citembenuzidwe pamaso pa makolo, aone okha kuti mkati muli nsalu basi. Kawirikawiri pamsonkhano womwewo pamapezeka mayi wodziwa singano amene anena kuti iye angasoke coposa ici.

Tigule kapena tisoke?

Maganizo athu ndi akuti kugula kuli ndi malo ake, koma ocepa. Cidole cimodzi cosokedwa bwino, cogulidwa titafunsa mafunso onse aja, cingakhale citsanzo. Telala wa pamsika akaciona mkati akhoza kujambula zidutswa zake papepala ndi kusoka zina ndi nsalu zotsala pansi pa makina ake. Cosokedwa pafupi cikang'ambika cimabwerera kwa mwini msoko tsiku lomwelo, pamene ca kutali cilibe kobwerera, ndipo mtengo wotumizira nthawi zina umaposa wa cidole. Komanso dzina, nkhope ndi covala timasankha ndife. Sokosi nayonso sitikuinyoza: yatsopano, yokhuthala, yoikidwa kamwa lapulasitiki ndi maso aulusi, imakhalitsa kuposa zidole zambiri zokongola za pafoni.

Nchito ya sabata ino

M'magulu a anthu anayi, pezani zithunzi za zidole ziwiri zimene zikugulitsidwa pa intaneti, ndipo lembani m'Cinyanja mafunso asanu amene mungatumize kwa wogulitsa musanalipire. Kenaka gulu lililonse lisoke zidole ziwiri zolingana, lizipatse maina, ndipo likonze kukambirana kwa mphindi zitatu kwa kalasi yoyamba pa mutu wa malonje, momwe cidole ciliconse cidzalakwitse kamodzi. Musanabwere nazo, zicapeni ndi sopo, muziyanike padzuwa, ndipo mudzatiuze cimene cathothoka.