MNYAMATA WA KU NTHALIRE PAKATI PA ANTHU A KU AMERICA

Mukacoka pa boma la Chama ndi kulunjika kumpoto cakum'mawa, kupitirira dziko la Mfumu Muyombe, mudzaoloka malire ndi kulowa m'Malawi. Kumeneko, kuseri kwa mapiri a Nyika, kuli dera lochedwa Nthalire. Anthu ace alankhula Citumbuka, cimene cifanana kwambiri ndi Cisenga ca kuno kwathu, kotero kuti munthu wa kwa Kambombo ndi munthu wa ku Nthalire angathe kugulana mbuzi popanda womasulira. M'mudzi wa Mpale, m'dera limenelo, munabadwa mnyamata dzina lace Legson Kayira, pafupi ndi caka ca 1940. Makolo ace anali osauka zedi, koma iye anakwanitsa kufika ku sukulu ya Livingstonia.

Ku sukuluko anawerenga za anthu awiri a ku America. Woyamba anali Abraham Lincoln, mwana wa mlimi wosauka, amene anakhala mtsogoleri wa dzikolo mu 1861 nalamula kuti akapolo amasulidwe. Waciwiri anali Booker T. Washington, munthu wakuda wobadwira mu ukapolo, amene anayenda mtunda wautali pansi kukafuna sukulu, ndipo pambuyo pace anatsogolera sukulu yaikuru ya Tuskegee. Kayira anaganiza kuti dziko limene linalera anthu otere liyenera kumpatsa iyenso maphunziro. Pa 14 Okutobala 1958 ananyamuka wopanda nsapato, atatenga bulangete, kankhwangwa, kamba wa masiku asanu ndi mabuku awiri, limodzi la iwo Baibulo.

Anapyola Tanganyika, akuima m'midzi ndi m'matauni kugwira ganyu kuti apeze cakudya. Atatha miyezi 15 anafika ku Kampala m'dziko la Uganda. M'nyumba ya mabuku ya boma la America mumzindamo anapeza buku la maina a makoleji, ndipo analemba kalata ku Skagit Valley College, m'tauni ya Mount Vernon, m'cigawo ca Washington. Yankho linabwera lakuti amlandira, ndipo sadzalipira maphunziro. Anapitirira ulendo mpaka ku Khartoum m'dziko la Sudan, kumene analandira cilolezo ca kulowa m'America. Ndalama za ndege analibe. Ophunzira a pakolejipo ndi anthu a m'tauniyo, amene sanamuonepo nkhope, anasonkherana namtumizira. Anafika mu Disembala 1960, patapita zaka ziwiri cicokere kwao.

Anthu ambiri akamasimba za Kayira amalekera pomwepa, monga ngati mabvuto anatha pamene ndege inatera. Koma munthu wa paulendo amagona m'mudzi usiku umodzi, m'mawa nalawira. Kukhala m'nyumba ya eni caka cathunthu, kudya zimene adya, kudzuka pamene adzuka, ndi kuphunzira cimene ciwakondweretsa ndi cimene ciwanyansa popanda wokuuza, imeneyo ndi nchito yina. Banja lina la Azungu la ana ambiri linamtenga Kayira kuti akhale nalo monga mwana wa m'nyumba. Tiyeni tione zimene mwana wa ku mudzi amakumana nazo m'nyumba yotere. Si iye yekha anakumana nazo, pakuti m'zaka zomwezo ana ambiri a mu Africa anali kupita kumeneko. Mu 1959 Tom Mboya wa ku Kenya anatumiza ophunzira 81 pa ndege imodzi.

Coyamba ndi nyengo. Ife tidziwa Disembala wa mvula, wa kutentha, wa kupalira cimanga. Ku Mount Vernon Disembala ndiye pakati pa cisanu. Dzuwa lituluka pafupi ndi 8 koloko ndi kulowa itangopitirira 4 koloko, ndipo masiku ambiri silioneka konse cifukwa ca mitambo ndi mvula yowaza. Kukayera, patali paoneka phiri la Baker, limene nsonga yace ikhala yoyera ndi cipale caka conse. Mu Juni zinthu zitembenuka: dzuwa likhala kumwamba maora 16, ndipo ana apita kukagona kunja kukali koyera. Munthu wozolowera kudziwa nthawi poyang'ana mthunzi wace asokonezeka ndithu.

Caciwiri ndi cakudya. Kuno amuna adya paokha, akazi ndi ana paokha, ndipo onse apisa m'mbale imodzi. Kumeneko bambo, mai, ana ndi mlendo akhala pa thebulo limodzi, yense ndi mbale yace, mpeni wace ndi foloko yace. Akudya alankhulana, ndipo ngakhale kamwana kakang'ono kafunsidwa zimene kacita tsikulo. Adya buledi, mbatata ya kacewere, nyama, mazira ndi mkaka wambiri, pakuti cigwa ca Skagit ndi dziko la ng'ombe za mkaka. Nsima kulibe. Cozizwitsa ndi cakuti cimanga cinacokera ku maiko a America komweko, pamodzi ndi cinangwa, mbatata, nsawa ndi fodya, ndipo a America alima cimanga cambiri koposa mtundu wina uli wonse. Koma m'masiku amenewo cocuruka anali kudyetsa ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku. Mwana wa kuno angadye kufikira mimba itadzaza, koma mumtima namvabe kuti wagona ndi njala.

Pa cakudya pomwepo pali msampha wina. Ife tinaphunzitsidwa kuti mlendo asalandire msanga-msanga. Ayambe wakana pang'ono, kuti mwini nyumba amkakamize. Ku America ukakana, akhulupirira kuti sufuna, nacotsa mbale. Sacita ici cifukwa ca umbombo ai. Iwo ayesa kuti kukakamiza munthu ndiko kumnyoza, monga ngati sadziwa cimene afuna. Ophunzira ambiri a mu Africa anaphunzira mwambo umenewu mimba ikulira.

Tsono za ulemu. Apa ndipo pabvuta kwambiri, ndipo ndifuna kuti mumvetsetse. Mwana wa ku Chama akaitanidwa ndi wamkuru agwada, naomba m'manja, nayang'ana pansi. Dzina la wamkuru salichula. Ati atate a uje, kapena amchula ndi ciongo. Ku America mwana alankhula ndi wamkuru ali ciimire, namyang'ana m'maso, ndipo nthawi zina akuru eni ace apempha kuti aziitanidwa ndi dzina lao loyamba. Iwo akaona munthu ayang'ana pansi polankhula, aganiza kuti abisa kanthu kapena anama. Motero cimene ife ticiyesa ulemu iwo aciyesa cinyengo, ndipo cimene iwo aciyesa kuona mtima ife ticiyesa cipongwe. Ana a kumeneko sali opanda mwambo. Ali ndi wao. Aphunzitsidwa kuthokoza pa kanthu kali konse, kugogoda asanalowe m'cipinda ca mnzao, ndi kusadula mau a munthu wina. Koma ine ndiyesa kuti pa kusamala nkhalamba ife tiwaposa, pakuti kumeneko okalamba ambiri akhala okha m'nyumba zao, ana ao ali ku mizinda yakutali.

Moni wao ndi waufupi. Munthu akufunsa m'mene uliri koma miyendo yace siileka kuyenda, ndipo sayembekeza kumva za mutu umene unakupweteka usiku kapena za njobvu zimene zinalowa m'munda. Kukaceza kwa mnzako uyamba wapangana naye tsiku ndi ora, ndipo ukacedwa uyenera kupepesa. Mlendo wosadziwa ici angathe kukhala m'cipinda cace Sabata lonse, kuyembekeza kuti wina abwera kudzamuona monga ticitira kuno, pamene anzace aganiza kuti afuna kukhala yekha ndipo sayenera kumsokoneza. Kusungulumwa kwa ophunzira acilendo kumayambira pamenepa kawiri-kawiri.

Pali mwambo wina umene ndiukonda. Kumeneko nchito ya manja siicititsa manyazi munthu wophunzira. Bambo wa pa nyumba atsuka mbale pamodzi ndi mkazi wace. Anyamata ndi atsikana a pa koleji asesa, atsuka mbale m'nyumba zodyera, ndipo m'nyengo ya kupuma achola zipatso m'minda kuti apeze ndalama za mabuku. Kuno kwathu mnyamata wina akangophunzira pang'ono ayamba kuyenda ndi colembera m'thumba la malaya, nakana kupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga wa amace. Wotereyo ku America akadasekedwa.

Anthu a ku Mount Vernon anamlandira Kayira ndi manja awiri. Manyuzipepala analemba za ulendo wace, ndipo anaitanidwa m'misonkhano kuti akasimbe za kwao. Ambiri a iwo anali asanalankhulepo ndi munthu wa mu Africa, ndipo dzina la Nyasaland anali asanalimve. Iye anadza kudzaphunzira, koma anakhalanso mphunzitsi wao. Paja akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Ali ndi mwambonso wa cikondwerero ca kuthokoza, pa Lacinai lacinai la mwezi wa Novembala, pamene abale asonkhana kudya nkhukundembo yooca, ndipo mabanja ambiri aitana ophunzira acilendo kuti asakhale okha tsiku limenelo.

Komatu musaganize kuti dziko lonse la Lincoln linali lotere. Agogo anu akumbukira masiku amene munthu wakuda m'Northern Rhodesia anali kugula nyama pa kazenera, wosaloledwa kulowa pa khomo la sitolo. Zofanana ndi zimenezi zinali m'zigawo za kumwera kwa America, kumene lamulo linalekanitsa akuda ndi oyera m'masukulu, m'mabasi ndi m'nyumba zodyera. Mu 1957 Komla Gbedemah, nduna ya za cuma ya dziko la Ghana, anamkaniza kumwera cakumwa cace m'nyumba yodyera ku Delaware cifukwa ca khungu lace, kotero kuti Pulezidenti Eisenhower anamuitana kudzadya naye kuti apepese. Pa 1 Febuluwale 1960, Kayira akali ku Uganda, ophunzira anai akuda ku Greensboro anakhala pa mipando ya Azungu m'nyumba yodyera nakana kucoka, ndipo ena zikwi-zikwi anatsanza citsanzo cao. Mu Ogasiti 1963 Martin Luther King analankhula kwa khamu la anthu oposa 200,000 mumzinda wa Washington, umene uli kutali kwambiri ndi cigawo ca dzina lomwelo. Lamulo loletsa tsankho linasainidwa pa 2 Julaye 1964, masiku anai Malawi asanalandire ufulu wace.

Ngakhale kumpoto, kumene kunalibe malamulo a tsankho onga a kumwera, mitima ya ena inali youma. Mu Malici 1964 anthu a mumzinda wa Seattle anaponya voti pa lamulo lakuti mwini nyumba asakanize munthu kugula kapena kucita lendi cifukwa ca khungu, ndipo ocuruka analikana. Seattle ndiye mzinda umene Kayira anapitako atatsiriza ku Skagit, kukaphunzira za kayendetsedwe ka maboma pa University of Washington. Taganizani mnyamata ameneyu: anthu ena a mtundu umodzi anamlipirira ndege namgoneka pamodzi ndi ana ao, ndipo ena a mtundu womwewo sanafune munthu wonga iye akhale m'nyumba yoyandikana nao. Zonse ziwiri zinali zoona pa nthawi imodzi.

Mu 1965 anatsiriza maphunziro ace ku Seattle, ndipo caka comweco linatuluka buku lace losimba za moyo wace, lochedwa I Will Try, ndiko kuti ndidzayesa, mau amene anali mbendera ya sukulu yace ya Livingstonia. Bukulo linagulidwa kwambiri ku America. Pambuyo pace anapita ku England kukaphunzira mbiri yakale ku St Catharine's College, Cambridge, nalemba mabuku ena anai a nthano za moyo wa kwao. Lotsiriza, The Detainee, la 1974, lisimba za munthu wa ku mudzi wozunzidwa ndi boma lankhanza. M'masiku amenewo dziko la Malawi linali m'manja mwa Dr. Hastings Banda, amene nayenso anaphunzira ku America pa unyamata wace, ndipo olemba zotsutsa boma anali kutsekeredwa popanda mlandu. Kayira anacoka ku Mpale ndi colinga cakuti akatenge maphunziro adzathandize anthu a kwao, koma sanabwerere kudzakhazikika. Anagwira nchito ku London yoyang'anira anthu olakwira lamulo amene akhoti anawalola kukhala kunja kwa ndende, ndipo anamwalira komweko mu Okutobala 2012.

MAFUNSO

1. Pezani pa mapu malo awa: Chama, Nthalire, Kampala, Khartoum ndi Seattle.
2. Cifukwa ninji mwana wa kuno woyang'ana pansi angayesedwe wabodza ku America?
3. Kuyambira mu 1994 anyamata ndi atsikana a ku America a bungwe la Peace Corps anayamba kufika m'Zambia kudzakhala m'midzi. Wina atafika m'mudzi mwanu, ndi miyambo iti itatu imene ingamsokoneze? Mungamfotokozere bwanji?
4. Funsani munthu wacikulire wa m'mudzi mwanu amene anakagwira nchito ku migodi kapena ku Harare kuti akuuzeni cimene cinamdabwitsa koposa atangofika. Lembani mizere khumi.