Mapu a Ntcheu Asamafike mu Lipoti Ali Mbuu

Zimandipweteka mtima ndikaona mapu a m'malipoti a chitukuko kuno ku Ntcheu. Munthu wayenda ndi GPS kuchokera ku Tsangano mpaka kuchigwa cha Bwanje, walemba mjigo uliwonse, wasanja zonse bwinobwino mu QGIS, koma pofika mu Word wangojambula sikirini n'kumata. Akasindikiza, dzina la Kampepuza silikuwerengeka, mitsinje ndi misewu zasakanikirana. Chifukwa chake n'chakuti sikirini wamba ili ndi timadontho pafupifupi 96 pa inchi, pomwe pepala limafuna 300.

Yambani ndi kuyeza malo amene mapu akakhale. Pepala la A4 ndi la masentimita 21 m'lifupi. Mukachotsa malire a 2.54 mbali zonse ziwiri, patsala pafupifupi 16. Mu QGIS pitani pa Project, kenako New Print Layout, ndipo pa Page Properties ikani mamilimita 160 m'lifupi ndi 200 m'litali. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mapu opangidwa pa kukula kwa A3 n'kukawafinya mu Word, zilembo zake zimasanduka nyerere.

Kenako sanjani ma layer. Madera a mafumu, monga Njolomole, Ganya, Kwataine ndi Mpando, akhale pansi; mitsinje ndi misewu pakati; madontho a mijigo, sukulu ndi zipatala pamwamba. Zimitsani chilichonse chosakhudza nkhani yanu. Ngati lipoti ndi la madzi a ku damu la Mpira, mabwalo a mpira wamiyendo sakufunika pamenepo.

Onaninso kuti ma layer onse akugwirizana pa CRS, ndiko kuti dongosolo loyezera malo pa mapu. Malawi ali mu UTM zone 36S, ndipo pa WGS 84 nambala yake ndi EPSG:32736. Mapu akale a boma anatsata Arc 1950, ndipo mukauza kompyuta kuti ali pa WGS 84, zinthu zimasuntha ndi mamita mazana angapo. Kwina izi sizingaoneke, koma pakati pa Lizulu ndi Biriwiri, pamene msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni, mjigo wa m'mudzi mwathu ungathe kugwera ku Mozambique papepala.

Mukayika mapu pa layout ndi Add Map, chongani Lock layers kuti asasinthe mukabwerera kukakonza zina. Kukula kwa zilembo kusachepere 8, ndipo zilembozo muziikire buffer yoyera kuti zioneke ngakhale zitadutsana ndi mzere. Kumbukirani kuti maprinta ambiri m'maofesi athu ndi a inki yakuda yokha. Kadontho kofiira ndi kobiriwira kamatuluka kotuwa mofanana, choncho mjigo wogwira ntchito ukhale wozungulira, wowonongeka ukhale mtanda. Onjezani sikelo, muvi wolozera kumpoto ndi legend, koma mu legend sinthani mayina: wowerenga aone "Mijigo", osati dzina la fayilo lanu. Pansi lembani chaka ndi kumene mwatenga deta, kaya ndi ku MASDAP, ku OpenStreetMap kapena m'midzi momwe munayenda.

Tsopano dinani Export as Image, ikani 300 dpi, musankhe PNG. Masentimita 16 aja apereka mapikiselo pafupifupi 1,890 m'lifupi. JPEG imadetsa m'mbali mwa zilembo ndi mizere. Igwiritseni ntchito pokhapokha pansi pali chithunzi cha satelayiti chimene chikulemetsa fayilo.

Musanalowetse chithunzi mu Word, pitani pa File, Options, Advanced, mupeze Image Size and Quality, muchonge Do not compress images in file. Mukapanda kutero, Word imachepetsa yokha ubwino wa chithunzi posunga. Lowetsani kudzera pa Insert ndi Pictures, ndipo musachikoke m'mbali, chifukwa boma la Ntcheu limaoneka lonenepa ndipo mtunda umanama.

Ngati mnzanu wa ku Nsipe kapena ku Sharpevale akufuna mapuwo pa WhatsApp, mutumizireni ngati Document, osati ngati chithunzi, popeza WhatsApp imafinya zithunzi. Pomaliza, sindikizani tsamba limodzi pa printa imene isindikize lipoti lonse, mupatse munthu amene sanaonepo mapuwo, mumuuze apeze mudzi wakwawo popanda kumulozera.