Phunziro la Zamakina: Nyali ya Injini Ikayaka, Tiyambe Tafufuza Tisanagule Chipangizo

Nyengo yokolola ikafika, galimoto ndiyo imanyamula chimanga, soya ndi mtedza kuchoka kuno ku Mtenguleni kupita ku misika ya ku Chipata. Ambiri a ife magalimoto athu ndi akale, ogwirapo kale ntchito ku Japan. Nyali yachikasu yokhala ndi chithunzi cha injini ikayaka padashibodi, ena timainyalanyaza, pomwe ena timathamangira kukagula sensa yatsopano. Njira zonse ziwirizi zimadya ndalama za zokolola. Phunziro lino likutionetsa njira yachitatu.

Zimene nyaliyi imatanthauza

Injini ya petulo yamakono imayendetsedwa ndi kakompyuta kamene kamalandira uthenga kuchokera ku masensa. Sensa ina imayeza kutentha kwa madzi a injini, ina mpweya wolowa, ina kazunguliridwe ka injini, ndipo ina mpweya wotsala mu utsi. Uthenga ukakhala wosamveka, kakompyutako kamasunga nambala ya vuto n'kuyatsa nyali. Tisaiwale mfundo iyi: nambalayo imaloza dera limene muli vuto, siitchula chipangizo choti tigule. Ili ngati mwana wolozera kumene kwalowera mbuzi; kuipeza mbuziyo ndi ntchito yathu.

Nyali ikayaka mosaphethira, galimoto ikhoza kuyenda pang'onopang'ono mpaka pamalo okonzera. Ikamaphethira injini ikunjenjemera, ndiye kuti mafuta sakupsa bwino m'masilinda, ndipo tiyenera kuima msanga. Tisaisokoneze ndi nyali yofiira ya oyilo. Imeneyo ikayaka, tizimitse injini nthawi yomweyo.

Kuwerenga nambala

Njira yotchedwa OBD-II inakhala lamulo ku America kuyambira 1996. Magalimoto oitsata ali ndi soketi ya mabowo 16 pansi pa chiwongolero, pamene timalumikiza kachipangizo kowerengera. Nambala zokhudza injini zimayamba ndi P. Mwachitsanzo, P0115 ikunena za sensa ya kutentha kwa madzi, P0171 ikunena kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, P0301 ikunena kuti silinda yoyamba ikuphonya, ndipo P0335 ikunena za sensa ya kazunguliridwe ka injini. Magalimoto ena opangidwira msika wa ku Japan samvana ndi tizipangizo totsika mtengo, choncho kachipangizo kakalephera kuwerenga, tisafulumire kunena kuti kompyuta yafa.

Ma Toyota ambiri a petulo a zaka za m'ma 1990 safuna kachipangizo. Pansi pa boneti pali kabokosi kolembedwa DIAGNOSIS. Injini ili yozima, tilumikize mabowo a TE1 ndi E1 ndi kawaya, titembenuze kiyi kufika pa ON osaliza injini, ndipo tiwerenge kuphethira kwa nyali. Ikaphethira kawiri, kupuma pang'ono, n'kuphethiranso kawiri, imeneyo ndi 22, yonena za sensa ya kutentha kwa madzi. Nambala 21 ndi ya sensa ya mu utsi. Ikamaphethira mofanana osapuma, palibe vuto losungidwa. Tionetsetse zilembo zolembedwa pachivundikiro, pakuti kulumikiza mabowo olakwika kukhoza kuwononga zinthu.

Kufufuza tisanagule

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tikalemba nambala m'kope, titsate ndondomeko iyi.

1. Batire. Ikhale ndi mavolti pafupifupi 12.6 injini ili yozima, ndi pakati pa 13.5 ndi 14.5 ikulira. Batire yofooka ndiponso mitu yake yadzimbiri zimabweretsa nambala zosocheretsa.
2. Mawaya ndi mapulagi a sensa. Galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe imachezeredwa ndi makoswe, amene amatafuna mawaya. Madzi a m'nyengo yadzinja nawo amadyetsa mapulagi dzimbiri.
3. Sefa ya mpweya ndi mapaipi a labala. Fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala limatseka sefa ndi kudetsa sensa ya mpweya. Paipi yong'ambika imalowetsa mpweya wosayezedwa, ndipo kawirikawiri ndiyo imabala P0171 sensa ili yabwinobwino.
4. Sensa yeniyeniyo. Ya kutentha kwa madzi imayezedwa ndi multimeter. Pa ma Toyota ambiri imaonetsa ma ohm 2,000 mpaka 3,000 pa madigiri 20, ndipo imatsika kufika pafupifupi 300 pa madigiri 80. Ngati siisintha injini ikatentha, pamenepo ndiye tigule ina.

Tikakonza, tifafanize nambala ndi kachipangizo kaja, kapena pa Toyota yakale tichotse fyuzi ya EFI kwa mphindi imodzi, kiyi ili yozima. Kenaka tiyendetse galimoto. Kufafaniza nambala osakonza kanthu sikuchiza vuto. Nyali idzayakanso, mwina tili pakati pa njira ndi matumba kapena ndi wodwala. Vuto likatikanika, tipite kwa makaniko wa zamagetsi titanyamula kope lathu, kuti asayambe ntchito mongolota.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Galimoto yaonetsa P0171. Kodi tiyang'ane zinthu ziti tisanagule sensa?
2. N'chifukwa chiyani tiyenera kulemba nambala tisanaifafanize?
3. Kodi galimoto yathu imagona pati usiku, ndipo tingaiteteze bwanji ku makoswe?