Chiwongoladzanja chikamakwerabe

Funso: Ndimakhala ku Leeds. Ndikubweza ngongole ya credit card pang'onopang'ono kudzera m'bungwe lothandiza angongole, koma chiwongoladzanja chikukwerabe. Kodi ndisiye kulipira?

Yankho: Ayi, musasiye. Ku England mgwirizano wotere si chigamulo cha khoti, choncho banki siikakamizidwa kuimitsa chiwongoladzanja, komabe mabanki ambiri amavomera akaona munthu akulipira mokhulupirika. Onetsani mlangizi wanu wa kubungweko sitetimenti ya mwezi uno, mutachonga mzere wa chiwongoladzanjawo, kuti alembere bankiyo. Mwina mukuona ngati mukutungira madzi m'dengu, ndipo m'pomveka ngati mukupereka £50 banki n'kuwonjezera £60. Koma mukasiya, mgwirizano ungathe, nkhani n'kufika kukhoti. Funsaninso za Breathing Space, yomwe kuyambira 2021 imaimitsa chiwongoladzanja kwa masiku 60.